Udzu wa pa Lichenya, sabata yachitatu

Chithunzi cha udzu chimene ndinapanga pa kompyuta sabata yatha mchemwali wanga atachiona anati, "Achimwene, udzu wanuwu ndi burashi yopolishira nsapato?" Zinandiwawa, koma sananame. Udzu wonse unali njo! kuima, utali umodzi, wobiriwira ngati mbale yapulasitiki.

Ndikumangabe mu Blender, pulogalamu youmbira zithunzi za 3D pa kompyuta, kachigawo ka pamwamba pa Lichenya kuphiri la Mulanje, paja udzu umamera m'magulumagulu pakati pa miyala. Kukwera phiri sabata ino sikunatheke, ndiye Loweruka madzulo ndinangozula tsinde limodzi la udzu m'mphepete mwa munda wa tiyi kuno ku Chitakale. Ndinakhala nalo pakhonde nthawi ndithu. Kumunsi kwake ndi koyererako, pakati ndi pobiriwira, kunsonga ndi kofiirira ngati kwawauka. Tsamba lililonse lili ndi kamzere pakati, lopindika ngati kangalande, ndipo palibe awiri ogwera mbali imodzi. Nditalikweza kuloza kudzuwa, linawala chikasu chobiriwira. Apa mpamene ndinazindikira kuti udzu wanga unkangobweza kuwala, pomwe weniweni kuwala kumaulowa n'kutulukira kuseri.

Ndiye pa Principled BSDF, yomwe imapatsa tsamba maonekedwe ake, ndawonjezerapo Translucent BSDF, yolola kuwala kudutsa, ndazilumikiza ndi Mix Shader, yosakaniza ziwirizi, pa 0.3. Ndinayesa 0.5, udzu unayamba kuoneka ngati pepala lonyowa. Kenako ndinaika dzuwa kumbuyo kwa udzuwo, moyang'anizana ndi kamera. Abale, nsonga zija zitayaka ndinaseka ndekha m'nyumba. Mitundu itatu ija ndaiyala pa Color Ramp, posanjira mitundu, kutsata utali wa tsamba, ndipo Random ya mu Object Info, yopatsa gulu lililonse nambala yakeyake, ikuchititsa kuti gulu lililonse lisiyaneko pang'ono ndi linzake. Noise Texture yaikulu, yopanga mawangamawanga, ikubweretsa madera ouma apo ndi apo, monga phirili limaonekera mvula ikatha.

Particle system ya tsitsi, njira yomeretsera tsitsi imene ndinkapangira udzu poyamba, ndasiyana nayo. Laputopu yanga ili ndi RAM ya 8GB basi, ndipo ndikangochulukitsa children, timasamba towonjezera tija, fani imalira ngati chigayo. Pano ndaumba masamba asanu okha pamanja, lililonse timbali tochepa, n'kuwamanga m'magulu atatu. Geometry Nodes, njira youmbira zinthu polumikiza timabokosi ta malangizo yomwe inabwera ndi Blender 2.92 mu 2021, ndiyo ikumwaza: Distribute Points on Faces kumwaza timadontho pansi, kenako Instance on Points kuika gulu la udzu pa kadontho kalikonse, kukula ndi kutembenuka kwake ndasiyira Random Value. Ubwino wa ma instance ngwakuti kompyuta imasunga gulu limodzi n'kumangolibwereza, moti udzu wadzaza chitunda chonse osatsamwa. Ndi weight paint, burashi yosonyezera pochuluka ndi pochepa udzu, ndaupatulira m'mbali mwa miyala ndi m'kanjira ka anthu okwera phiri. Kumene kamera sikuona sindinadzaleko ngakhale tsinde limodzi, ndani alimire munda wosadya?

Chikundivutabe ndi pansi. Pakati pa magulu pakuoneka dothi losalala ngati simenti, pomwe kuphiri pamakhala zinyalala za udzu wakufa ndi timiyala. Ndiumba masamba ena ogona.

Render ya mu Cycles, kutulutsa chithunzi chomaliza, inatenga mphindi 50 pa CPU, ndipo yoyamba inafera m'njira magetsi atazima, batire yanga nayo njakufa kale. Sabata yamawa ndikufuna kuthira chiperoni ndi Volume Scatter, yopangira nkhungu, kuti nsonga ya Chambe izioneka mwa apo ndi apo kumbuyoko. Mchemwali uja sindinamuonetsebe chatsopanochi.