Tsitsi Limodzi ndi Ma Laser Awiri

Ndinkafuna kudzionera ndekha ngati mtundu wa kuwala umasinthadi mmene kuwalako kumamwazikira kukadutsa m'mbali mwa kanthu kakang'ono. Akatswiri amati diffraction, dzina lochokera kwa Francesco Grimaldi, yemwe buku lake linatuluka mu 1665. Zida zanga zinali zosadzitama: katoni, selotepi, rula ndi ma laser awiri a m'manja, wofiira ndi wobiriwira.

Ndinaboola katoniyo n'kumata tsitsi limodzi choimirira pakati pa bowolo, kenako n'kuloza laser patsitsilo kuti kuwala kukagwere pakhoma. Apa m'pamene ndinatayira nthawi. Tsitsilo linkangopotana, ndipo pakhoma sipankaoneka chanzeru. Nditalikoka mpaka kuwongoka n'kuzimitsa magetsi, timadontho tinandandalika pakhomapo mopingasa, ngakhale tsitsilo linali choimirira.

Khoma linali pa mtunda wa mamita 2. Ndinamatapo pepala n'kumachonga ndi pensulo pamipata yakuda ya pakati pa timadonthoto. Dontho lapakati musavutike nalo: m'lifupi mwake limawirikiza kawiri anzakewo, komanso limathobwa m'maso. Ine ndinayeza mipata isanu mbali imodzi n'kugawa ndi 5, poti kuyeza umodzi wokha dzanja limanamiza. Laser musamuloze m'maso mwanu kapena mwa munthu, ngakhale mongocheza.

Wofiira anandipatsa mamilimita pafupifupi 16 kuchoka pa mpata wakuda kufika pa wina. Nditaika wobiriwira, osasuntha kanthu kalikonse, timadontho tinathinana, mipata n'kutsika kufika pa 13.

Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo chifukwa chake chili m'kutalika kwa mafundewo, kutanthauza mtunda wochoka pa nsonga ya funde kufika pa nsonga yotsatira. Funde la laser wofiirayo n'lotalika mananomita 650, la wobiriwira 532 (milimita imodzi ili ndi mananomita 1,000,000). Mafunde odutsa mbali ziwiri za tsitsi amakakumana pakhoma. Pamene nsonga ya lina yagwera m'chigwa cha linzake amafafanizana, n'kusiya mdima. Funde likakhala lalitali, malo ofafanizanawo amatalikirana. Mukagawa 650 ndi 532 mupeza 1.22, ndipo 16 pogawa ndi 13 ndi 1.23. Ndinamwetulira ndekha mumdimamo.

Masamu ake ndi awa: kutalika kwa funde kuchulukitsa ndi mtunda wokafika pakhoma, kenako kugawa ndi makulidwe a tsitsi, kumapereka mpatawo. Ndinangowatembenuza, pogawa ndi mpata m'malo mwa makulidwe, ndipo ma laser onse awiri anagwirizana kuti tsitsi langa n'lonenepa mamilimita pafupifupi 0.08.