Okonza msewu akaweruka, ife amatisiyira ndani?

Ine M1 ndimayendamo pafupipafupi, Lilongwe kupita Kasungu, nthawi zina mpaka pa Jenda, ndiye zokonza msewuzi ndaziona ndi maso angawa chiyambireni ntchito yochokera pa mphambano ya ku eyapoti ya Kamuzu kulowera kumpoto mu 2022. Msewu ukatha umakoma, nayenso Kenyatta wa malaini 6 uja mu tauni tikumva naye kukoma. Vuto langa lili pa nthawi imene ntchito ili mkati.

Masana zimayendako bwino. Pamakhala mtsikana kapena mnyamata wa mbendera ziwiri, yofiira ndi yobiriwira, wavala chijekete chonyezimira, mnzake ali kutsidya, amasinthana kuti mbali iyi idutse inayo idikire. Ndinamuyang'anitsitsa mmodzi tsiku lina tili pa mzere, nkhope yonse fumbi mpaka nsidze zachita kufiira, botolo la madzi waliika pansi pa dramu, dzuwa likuswa mtengo. Wakweza yofiira koma minibasi ina inangotuluka pa mzere n'kudutsa, kondakitala akumukalipira ngati walakwa iyeyo. Kutsogoloko anakakumana mphuno ndi mphuno ndi thiraki, palibe wobwerera m'mbuyo, tonse tinakhala pamenepo mpaka ana anayamba kulira mgalimoto. Madalaivala anzanga, mzere ukamayenda mwadongosolo ndi pomwe tonse timafulumira, kupanga ovateki pa diversion, msewu wongoyembekezera wolambalala pomwe akukonzapo, ndi komwe kumatseka njira.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi usiku. Ikangokwana 5 koloko a mbendera aweruka, makina aima, koma magalimoto sanaweruke ayi. Tsiku lina ndikubwerera mochedwa, pamalo pena tara inangothera mwadzidzidzi, kutsogolo mulu wa miyala, ndipo chikwangwani choti ndikhotere kumanzere chinali pomwepo pa muluwo, chodzaza fumbi, chosanyezimira. Ndinaponda mabuleki galimoto n'kuseseleka, mayi anga omwe anakhala kumbuyo anangoti "Yesu wanga" atagwira mpando. Tinapulumuka.

Tangowerengani nokha. Galimoto ikamathamanga 80 imadya mamita 22 pa sekondi imodzi, pa 40 ndi mamita 11, ndipo liwiro likawirikiza kawiri mtunda woti mabuleki aimitse galimoto umawirikiza kanayi. Ndiye chikwangwani choika pa ngozi penipeni chithandiza ndani? Chiyambire kutali, china chikuti akukonza msewu, china 60, china 40, kenako madramu a tepi yonyezimira ondondozana bwino kuti maso aziona njira ikukhota. Ndipo pakhale munthu wozungulira madzulo kukaona ngati zagwa kapena zabedwa, poti tisabise, enafe timazula zikwangwani kukapangira mbaula ndi zitseko, zimenezinso ndi zathu zomwe.

Za fumbi ndiye musanene. Galimoto yothira madzi ikadutsa kamodzi m'mawa basi, pofika masana thiraki ikadutsa sungaone ngakhale magetsi a galimoto yakutsogolo, ndipo m'fumbi momwemo muli wakabaza atanyamula mayi ndi mwana kumsana, muli ana a sukulu, muli amayi a tomato m'mbali. Anthu amenewa pokonza diversion amaiwalika, pa malo a msika pamafunika kanjira kawokawo kotchinga bwino ndi powolokera poonekera. Dzinja likafika fumbi lija limasanduka matope, diversion imafuna kuthiridwa miyala ndi kupalidwa ndi gireda mvula isanayambe, osati thiraki itatitimira kale.

Zonsezi pa mtengo wa msewu wonse ndi tindalama tochepa, ndipo kusamalira magalimoto pa nthawi ya ntchito kumakhala mbali ya kontrakiti. Ife timalipira levi pa lita iliyonse ya mafuta, pa Chingeni ndi pa Kalinyeke timalipiranso tolo. Ndiye pempho langa kwa oyang'anira ntchitozi ndi lakuti poyendera asamangobwera masana, tsiku lina adzadutsepo cha m'ma 9 usiku mvula ikugwa, akuyendetsa okha.