Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Mayi wosenza ndowa

Ndiyambe ndi kupepesa kwa nonse amene mwakhala mukufunsa kuti gawo lotsatira lituluka liti, pakuti padutsa miyezi iwiri chilembereni gawo 6, lija ndinafotokozamo mmene malume anga a ku Kanjedza anavomerera monyinyirika kundilipirira maphunziro opanga makatuni. Ndikuthokoza achemwali a ku Leeds amene munalemba kuti mwana wanu ataona zojambula zanga anayamba kukuvutitsani kuti mumugulire mapensulo, mugulireni ndithu. Koma kwa bambo aja amene mumalemba pansi pa gawo lililonse kuti makatuni ndi chibwana, ndiponso kuti mtsikana wanzeru akanaphunzira unamwino, yankho lanu lili mkati muno ngati mungapirire kuwerenga.

Pa chaka choyamba sindichedwapo. Chinali 2022, chaka chimene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale, ndipo ife a ku Blantyre mdima umene unatsatira sitinauiwale. Sukulu yanga, monga mukukumbukira, ndi ya ku Joni ndipo timaphunzira pa intaneti, choncho chaka chonsecho ndinkadzuka pakati pa usiku magetsi akayaka, n'kumaphunzira kudumphitsa mpira ndi kuyendetsa thumba la ufa m'katuni pa laputopu yakale ya malume. Ndinkagwiritsa ntchito pulogalamu yopangira makatuni ya Blender chifukwa ndi yaulere kuyambira 2002, ndipo ili ndi Grease Pencil yojambulira pamanja.

Nkhani yeniyeni inayamba pakati pa 2023, pamene anatipatsa design brief yathu yoyamba yaikulu. Kwa amene simukuidziwa, imeneyi ndi kalata imene mwini ntchito amalembera wojambula, yonena chimene akufuna, anthu amene adzaonere, ndi malire amene wojambulayo sayenera kudumpha. Yathuyo inali yochokera ku bungwe longopeka lophunzitsa ana za madzi aukhondo. Inkafuna kuti tipange munthu mmodzi wa m'katuni wokondweretsa ana a zaka 6 mpaka 9, wa mitundu yosaposa itatu, wozindikirika ngakhale atamudetsa yense kuti angotsala mthunzi wokha. Tinayenera kumujambula kumaso, cham'mbali, cham'mbali pang'ono ndi kumbuyo, kuonetsa nkhope yake akakwiya, akadabwa ndi akaseka, kenaka kumuyendetsa kwa masekondi 10. Masekondi 10 akumveka ngati kuphethira kwa diso, koma kanema amayenda zithunzi 24 pa sekondi, zimene timazitcha mafulemu, kutanthauza mafulemu 240, ndipo ngakhale chojambula chimodzi chizikhala mafulemu awiri monga ambiri amachitira, zojambula zake ndi 120.

Ine ndinasankha mayi wosenza ndowa, ndipo pano ndiime pang'ono kuti ndidziteteze, chifukwa mnzanga wina wa m'kalasi anandiuza poyera kuti ife Aafirika tatopetsa ndi chithunzi cha mayi ndi ndowa, chimene mabungwe amapemphera ndalama. Mawu akewo anandilasa, makamaka poti mwezi wa Julaye womwewo Netflix inali itatulutsa Supa Team 4, makatuni a Malenga Mulendema wa ku Zambia opangidwa ndi kampani ya Triggerfish ya ku Cape Town, momwe atsikana a ku Lusaka ndi ngwazi zopulumutsa mzinda. Ndinatha sabata ndikuganiza zosintha. Chimene chinandibweza n'chakuti mayi wa m'mutu mwanga sanali womvetsa chisoni ngakhale pang'ono. Anali wojintcha, wamatama, wolamula mzere wonse wa pa mjigo, thupi lake lozungulira ngati mbiya, ndowa itakhala pa nkhata ngati chisoti cha mfumu. Mthunzi wake unakhoza mayeso tsiku loyamba lomwe. Chitenje chake ndinachichotsa maluwa onse n'kusiya mizere iwiri yokha, nditawerengera kuti duwa lililonse ndidzalijambula ka 120.

Vuto linabwera pomuyendetsa. Mabuku a ntchitoyi amaphunzitsa kuti phazi limodzi limatenga mafulemu 12, ndipo lili ndi magawo anayi amene timawatchula m'Chingerezi kuti contact, down, passing ndi up: chidendene chimakhudza pansi, thupi limatsika polandira kulemera, mwendo wina umadutsa, kenaka thupi limakwera pa zala. Ukalumikiza malo amene mutu wadutsa, umapeza mzere wokwera ndi kutsika ngati mafunde. Ine ndinatsatira zimenezi mwaulemu wonse ngati mwana wa katekisimu, ndinagona 3 koloko m'mawa kwa masiku asanu ndi anayi, ndipo ndinatumiza ntchito ndili wonyada.

Tsiku lounika ntchito tinali anthu 14 pa sikirini, aliyense m'kabokosi kake. Aphunzitsi anaonetsa katuni yanga kamodzi, anaibwereza, anaibwerezanso kachitatu osanena kanthu, ndipo ine ndinayamba kumva thukuta likutsika m'khwapa. Kenaka anati zojambula ndi zokongola, koma m'ndowamo mulibe madzi. Anati mayiyu akuyenda ngati wasenza chipewa cha pepala. Palibe amene anaseka, ndipo bwenzi zili bwino akanaseka, chifukwa chete uja anali wa anthu okumvera chisoni. Ndinaona mnzanga uja wa mawu olasa akuyang'ana pansi. Anandipatsa malikisi 48 ndi mwayi wobwereza. Ndinazimitsa kamera ndi kunamizira netiweki, ndipo ndinakhala pa mkeka mpaka kunja kunada, ndikuwerengera m'mutu marandi a malume, ndikumva mawu awo aja a m'gawo 6 akuti ndalama zawo sizogulira zidole. Usiku umenewo ndinatsegula tsamba la koleji ina ya unamwino n'kuwerenga zoyenereza zake zonse. Bambo inu, imvani: ndinafika pamenepo.

Loweruka ndinakwera minibasi ya ku Chiradzulu osati chifukwa cha sukulu, koma chifukwa ndinkafuna nsima ya amayi. Madzulo tili pakhonde anandifunsa chimene chandiwondetsa, ndipo ndinawaonetsa katuniyo pa foni. Anaiyang'ana atatalikitsa dzanja monga amachitira akaiwala magalasi, kenaka anati, "Kodi mayi ameneyu akutunga madzi kapena akuvina chimtali? Atayenda chonchi angafike pakhomo ndowa ili theka." Ndinawafotokozera za magawo anayi aja, ndipo anandidula. "Iwe, ndowa unayamba kusenza uli ndi zaka 7. Mutu unkaudumphitsa chonchi? Sukuluyi yakuphunzitsa kapena yakuiwalitsa?"

Ndinalibe choyankha. Aphunzitsi a ku Joni anaona kuti china chake chalakwika, koma amayi, amene sanagwirepo kompyuta, ndi amene anachiloza. Khosi langa lomwe linkadziwa yankho kwa zaka pafupifupi makumi awiri, koma nditakhala pa laputopu ndinakhulupirira buku.

M'mawa mwake ndinawapempha kuti ndiwajambule kanema. Anakana kujambulidwa ndi chitenje chogwirira ntchito, analowa m'nyumba n'kuvala cha ku Mvano, ndipo anayenda kuchokera pa mjigo kufika pa mtengo wa mango kasanu ndi kamodzi, ndowa ya malita 20 ili pamutu, amayi anzawo akuwaseka kuti asanduka a pa TV. Malita 20 a madzi ndi makilogalamu 20. Nditabwerera ku Blantyre ndinauona kanemayo fulemu ndi fulemu, monga wojambula zithunzi Eadweard Muybridge anachitira ndi zithunzi za hatchi yothamanga mu 1878, ndikuika kadontho pa khutu lawo m'fulemu iliyonse. Timadonthoto tinapanga mzere pafupifupi wowongoka. Kukwera ndi kutsika konse kumene buku limapereka ku mutu, amayi ankakumeza m'mawondo ndi m'chiuno, chimene chinkapita uku ndi uku, mapazi akuponda pafupipafupi. Khosi linali chilili, maso okha ndi amene ankayendayenda, ndipo pofuna kuyankha moni ankatembenuka thupi lonse pamodzi. Pambuyo pake ndinawerenga kuti mu 1986 akatswiri ena ku Kenya anayeza amayi Achiluo ndi Achikikuyu, n'kupeza kuti amatha kusenza katundu wofika 20 peresenti ya kulemera kwa thupi lawo popanda kuwonjezera mphamvu zimene amagwiritsa ntchito poyenda. Ndinaseka ndekha poganiza kuti zimene amayi amachita akukamba miseche ya pa mjigo zinalembedwa m'magazini ya sayansi.

Ndinajambulanso zonse, ndipo aphunzitsi anati tsopano mayiyu wauma, akungotsetsereka ngati ali pa matayala, mutu uyenera kusuntha. Apa ndiulule kuti ndinapsa mtima, ndipo ndinawalembera imelo yaukali yokhala ndi kanema wa amayi, momwe ndinanena kuti munthu amene sanasenzepo ndowa asandiphunzitse kusenza. Ena a inu mudzati ndinachita bwino. Ine lero ndimati theka la imeloyo linali loona, theka linali mwano. Pa za mutu ndinkanena zoona ndipo mpaka pano sindinasinthe maganizo. Koma iwo anandiyankha modekha kuti kanemayo auona ndipo avomereza, kungoti mwana woonera katuni alibe ndowa pamutu pake, kulemerako sangakumve m'khosi, ayenera kukuona ndi maso. Ngati mutu sukusuntha, china chake chiyenera kunena kuti madziwo ndi olemera.

Mfundo 12 za kayendetsedwe ka makatuni zimene Frank Thomas ndi Ollie Johnston a ku Disney anazilemba mu 1981, zimene chaka choyamba ndinangoziloweza pofuna kukhoza mayeso, ndinazimvetsa mwezi umenewo. Mutu ndinausiya phee, koma madzi a pamwamba pa ndowa ndinawachedwetsa ndi mafulemu awiri, kuti chiuno chikapita kumanzere iwo azitsalira kumanja, ndipo pa phazi lachisanu dontho limodzi lizigwera paphewa. Nkhata ndinaiphwanyitsa pang'ono phazi likaponda. Mphepete mwa chitenje inkatsatira mochedwa, ndipo mapatapata ankaphwatalala pansi pa chidendene. Kugwedezeka kwa chiuno ndinakuwonjezera kuposa mmene kunalili m'kanema, zimene amayi akanandikalipira akanadziwa.

Ndinali nditamaliza zojambula 70 pamene foni inalira m'bandakucha wina wa Novembala. Amayi anagwa akusesa pabwalo. Anali sitiroko, ndipo mbali yonse ya kumanzere inafa. Unali mwezi womwe uja kwacha inagwa ndi 44 peresenti, fizi yanga ya marandi n'kukwera tsiku limodzi, koma zimenezo ndinazimva ngati nkhani ya dziko lina. Ndinakhala gadiyani wawo masabata atatu, ndikugona pansi pa bedi, kuwatembenuza, kuwasambitsa, kuwamwetsa phala ndi supuni likutayikira mbali imene pakamwa panapotoka. Usiku wodi ikakhala bata ndinkatulutsa laputopu n'kukhala pafupi ndi soketi ya pakhonde, chifukwa tsiku lomaliza lotumiza ntchito linali litayandikira ndipo ndinachita manyazi kupempha nthawi ina pambuyo pa imelo ija.

Sindidziwa ngati ndingathe kukufotokozerani mmene zimakhalira kuyang'ana mwendo wa kumanzere wa mayi ako pa sikirini, ukunyamuka, ukudutsa, ukuponda mwamphamvu pansi pa makilogalamu 20, n'kumaubweza m'mbuyo ndi kuupititsa patsogolo kambirimbiri kuti uone pamene bondo lapindika, pamene mwendo womwewo uli m'chipinda chapafupi utagona ngati chikuni. Panali usiku wina umene ndinakhala pa fulemu imodzi kwa ola lathunthu, ija amayi akutembenuka kuyankha moni akuseka. Sindinajambule kanthu. Ndinazindikira usiku umenewo kuti m'banja lathu lonse palibe kanema wina wa amayi akuyenda, ndipo ameneyu alipo chifukwa choti ndinalephera mayeso. Mlonda wa pachipatalapo anandipeza ndikulira, anaganiza kuti kwachitika zovuta, ndipo nditamuonetsa sikirini anangoima pambali panga kwa kanthawi n'kupita.

Ndinatumiza ntchitoyo kutatsala maola anayi, ndipo anandipatsa malikisi 74. Aphunzitsi analemba kuti akufuna chilolezo changa ndi cha amayi kuti aziwonetsa kanema uja kwa ophunzira a m'tsogolo. Mnzanga wa mawu olasa ananditumizira uthenga wopepesa, ndipo ndinaulandira, ngakhale kuti nkhani ya mayi ndi ndowa timatsutsanabe mpaka lero.

Amayi ndinawaonetsa katuniyo tsiku loti mawa lake atuluka. Magadiyani anzanga anaunjikana pa foni, ndipo mayi wina wa ku Mulanje anakuwa kuti, "Amenewatu ndi inu, amayi, taonani mbina!" Wodi yonse inaseka. Amayi panthawiyo mawu ankatuluka movutikira, ndipo ndinachita kuwerama kuti ndimve. Anati ndibwereze. Ndinabwereza kanayi. Kenaka anati dontho lija ndilichotse, iwo sataya madzi.

Dontholo sindinalichotse, ndipo amandikumbutsabe ndikapita ku Chiradzulu, kumene tsopano amayenda ndi ndodo kuchokera pakhonde kufika pa mango paja. Ndodoyo, pamodzi ndi miyezi itatu ya mafizo, ndinalipira ndi ndalama za kanema wotsatsa malonda wa masekondi 15 amene mwini golosale wina wa ku Limbe anandipatsa ataona mayi wa ndowa pa Facebook. Bambo a unamwino aja, limenelo ndiye yankho lanu. Za mmene malume anandiitanira ku Kanjedza mu Januwale 2024 n'kundiuza kuti marandi awakanika, ndi amene anadzalipira chaka chachitatu, ndidzakamba m'gawo 8, amayi akandilola kutchula mbali yawo.