Maola 31 apita ndi kuthima kwa magetsi

Ndikulemba Loweruka m'mawa, mtima usanatsike. Lolemba ndi Lachiwiri zinali za masiku onse, kukonza mesh (timabokosi ting'onoting'ono timene kompyuta imagawiramo malo owerengera) ndi kuyankha maimelo a anzathu akunja amene anatipatsa ntchitoyi. Iwo ali ndi wind tunnel, makina oyezera zinthu pouzira mphepo yamphamvu, ife kuno ku Lilongwe tili ndi makompyuta awiri. Timawerengera mmene mpweya umachitira pa kachombo kolowa mumlengalenga wa Mars pa liwiro loposa Mach 20 (kuchulukitsa liwiro la phokoso ka 20), iwo n'kufananiza ndi zimene ayeza.

Lachitatu 9 koloko m'mawa tinayambitsa simulation yaikulu, kutanthauza kuyerekezera pa kompyuta kulowa kwa kachomboko. Kachombo kake n'kamphuno yobuntha ya ngodya ya madigiri 70, kapangidwe kamene NASA yakhala ikutumiza ku Mars kuyambira pa Viking mu 1976 mpaka Perseverance mu 2021. Mtsikana amene ali pa attachment anayang'ana pa sikirini n'kufunsa kuti, "Achimwene, bwanji osasongola ngati muvi?" Ndinamujambulira papepala zimene katswiri wa ku America H. Julian Allen anatulukira m'zaka za m'ma 1950: mphuno yobuntha imakankhira shock wave (funde la mpweya wopanikizika) kutsogolo, kutentha kwambiri n'kumapita ndi mpweya m'malo molowa m'chombo. Ndinamuonetsanso paphewa pa kachomboko, pamene ife tinali kufufuza. Pamenepo mpovuta. Galileo probe, chombo china cha NASA, italowa ku Jupiter mu 1995 pa liwiro la makilomita pafupifupi 47 pa sekondi, chishango chake choteteza ku kutentha chinadyeka kwambiri m'mbali kuposa mmene akatswiri anawerengera, pomwe pamphuno chinadyeka mochepa. Anamvetsera maso ali gwa, n'kupempha kuti aziyang'anira yekha manambala.

Lachinayi 4 koloko madzulo magetsi anangoti thi. Inverter inalira kawiri n'kuzima. Mabatire ake anafa kalekale, ndipo ndinalemba kalata yopempha ena miyezi inayi yapitayo. Jenereta inalibe dizilo, dalaivala anali pamzere wa mafuta chiyambire m'mawa. Chopweteka kwambiri n'chakuti autosave, imene imasunga ntchito yokha, tinaizimitsa tokha chifukwa hard disk inadzaza, ndipo pempho la disk ina lili mufayilo yomweyo ya mabatire. Mpweya wambiri wa ku Mars ndi carbon dioxide, ndipo kuwerengera mmene umaphwanyikira ndi kutentha kumachedwetsa kompyuta. Manambala anali atangoyamba kukhazikika. Mtsikana uja anakhala du, kope lake lili pamiyendo, mizere ya manambala imene analemba ola lililonse itathera pakati pa tsamba. Kenako anatuluka panja akupukuta m'maso.

Ndinalowa kwa abwana ndisanadziletse. "Bwana, maola 31 apita. Tiwauza chiyani anthu aja?" Anati bajeti yathina, tiona mwezi wamawa, ndiwalembere kuti panali vuto laling'ono. Mlungu watha womwewu akuluakulu anali kunyanja kumsonkhano wa masiku atatu, ma allowance onse analandira. Ndalama imeneyo ikanagula mabatire ndi disk, n'kutsalako.

Sindinalembe za vuto laling'ono. Ndinawauza anzathuwo zoona zake, ndipo anatipatsa mpaka Lachitatu.

Dzulo ndinagula disk ndi ndalama zanga ku Old Town, n'kunyamula kompyuta imodzi kupita nayo kwa mlamu wanga ku Area 25 kumene kuli sola. Tayambiranso 8 koloko usiku, ndipo ikusunga yokha mphindi 30 zilizonse. Mtsikana uja wafika m'mawa uno pa kabaza, kope lili m'manja.