Alendo a m'paipi ya chitofu

Nyumba imene ndinkachita lendi kufupi ndi Stirling, ku Scotland, inali ndi chitofu chachitsulo chowothera moto. Paipi yake yakuda inkachoka pamwamba pa chitofucho n'kuboola siling'i mpaka kudenga. Utsi wotentha umakwera wokha m'menemo, ndipo pokwerapo umakoka mpweya wina kuti moto uyake bwino.

Tsiku lina mu April kutazizira, ndinakoleza moto. Utsi uja unakana kukwera, wonse unandibwerera kumaso. Kuyambira February 2022 lamulo la ku Scotland limafuna kuti ma alamu a moto m'nyumba akhale olumikizana, ndiye ya pabalaza itangolira, ya m'kolido ndi ya kukhitchini nazo zinapolokezana. Ndinazimitsa moto uku ndikutsokomola, ndinatenga mtengo wa mopu n'kuyamba kutokosa m'paipimo, maso ali m'mwamba. Khuu! Mwaye, timitengo, ubweya wa nkhosa, zonse pankhope panga. Agogo oyandikana nawo nyumba atandiona anaseka mpaka kugwira mpanda. Anati ndi chisa cha jackdaw, timbalame tonga akhwangwala tokonda kumanga m'chumuni.

Mawa lake ndinapita kukampani yoyang'anira nyumbayo. Mayi wa nthambi yokonza zowonongeka anati paipi sinawonongeke, yangotsekeka, choncho nkhaniyo ndi ya a chitetezo. Mayi wa chitetezoyo anali pa desiki yoyandikana nayo, akumwa tiyi, ndipo anamva zonse.

"Ndingowauza iwowa?" ndinafunsa.

"Ayi bambo. Ine ndilembera bwana wanga, iye alembera bwana wawo, kenako zitsikira kwa iwo."

Apo m'pamene ndinaona kuti kampaniyo anaimanga ngati paipi yanga ija: nkhani imangokwera ndi kutsika, yodutsa cham'mbali palibe. Ma alamu a m'nyumba mwanga ankamvana kuposa anthu awiriwa.

Pamene kalatayo inkamaliza ulendo wake, unali mwezi wa May. Wosesa chumuni anakwera padenga, anasuzumira, n'kutsika akupukusa mutu. Mbalame zinali zitaikira mazira, ndipo lamulo la 1981 loteteza zachilengedwe limaletsa kuphwasula chisa chimene chikugwiritsidwa ntchito. Ndinayenera kudikira mpaka anapiye auluke.

Ndinkagona ndi jekete, alendo anga akulira bwinobwino m'mwambamo osalipira lendi. Kenako nthambi yachitatu, ya zandalama, inanditumizira bilu yochapira kapeti, ikufunsa kuti mwaye wonsewo unachokera kuti.