Masiku awiri ku Ars-sur-Formans

Tinanyamuka mumzinda wa Lyon, ku France, m'mawa, anthu 14 a gulu lathu la mapemphero, kupita ku Ars, mudzi umene ankakhala wansembe Jean-Marie Vianney, ndipo ola lisanakwane n'komwe basi inali itaima. Mtunda wake ndi makilomita pafupifupi 35 kulowera kumpoto. Amayi ena anafunsa woyendetsa ngati tasokera, chifukwa pawindo pankangooneka minda ya chimanga ndi tirigu. Iye anatiloza denga la tchalitchi, n'kuti kumeneko ndi ku Ars.

Kamudzika kali m'chigawo cha Ain, m'mphepete mwa dera lotchedwa Dombes, ndipo dzina lake lachiwiri linachokera ku kamtsinje ka Formans kamene kamakathira mumtsinje wa Saône. Kamtsinjeko n'kakang'ono, mwana wamphamvu atha kuponya mwala tsidya lina. Anthu okhala pano ndi pafupifupi 1,500. M'mawa wa tsiku lachiwiri ndinaimirira pachipata cha nyumba yogona alendo, magalimoto akutuluka motsatizana kupita kuntchito ku Lyon ndi ku Villefranche-sur-Saône. Pofika 9 koloko, m'misewu munangotsala agogo ndi ife alendo.

Dothi la Dombes ndi lamakande, siliphwetsa madzi. Amonke akale ataona zimenezi anatchinga madambo n'kupanga maiwe, ndipo lero alipo oposa 1,000. Alimi amawetamo nsomba kwa zaka zingapo, kenako amakhuthula madzi n'kubzala mbewu pamatope achondewo, akakolola amadzazanso. Bambo wina wa m'gulu lathu amene ali ndi maiwe ake kumudzi analemba zonsezi m'kabuku mpaka tsamba kudzaza. Ine chinandigwira mtima ndi makoma a nyumba zakale za alimi. Pamene pulasitala anagamuka ndinaikapo dzanja, ndipo linali dothi lopsinjidwa, mizere yake ikuoneka, mdindo weniweni ngati wa nyumba imene ndinabadwiramo.

Jean-Marie Vianney anafika kuno mu February 1818, anthu ali pafupifupi 230 okha. Kunachita nkhungu ndipo njira inamusokonekera, mpaka kamnyamata koweta nkhosa, Antoine Givre, kanamulozera. Pamalo amene anakumanapo pali chipilala, kunja kwa mudzi. Tinapitako wapansi, tikuimba, mphepo ikutiomba kumaso. Ukaima pamenepo mudzi wonse umauona kamodzi, wonse ndithu, ndipo ndinavutika kumvetsa kuti wansembeyu anakhala pamalo ochepa chonchi zaka 41, masiku ena akumva kulapa kwa anthu maola 16, mpaka imfa yake pa 4 August 1859.

Nyumba yake anaisunga monga inalili. Kukhitchini kuli mphika umene ankaphikiramo mbatatesi zodya masiku angapo. Tinalowa mwaphokoso koma tinatuluka chete. Thupi lake lili m'bokosi lagalasi m'tchalitchi chachikulu chimene anachilumikiza ku katchalitchi kakale, ndipo Papa Yohane Paulo Wachiwiri anapempherapo mu 1986.

Alendo oposa 400,000 amafika pano chaka chilichonse, komabe mudziwu sunafutukuke kukhala tauni yaphokoso. Ukayenda mphindi zochepa kuchokera patchalitchi, wafika kale m'munda mwa munthu. Madzulo mabasi atachoka, mayi wogulitsa buledi anatseka sitolo yake, natiyankha moni ndi dzanja, n'kukwera njinga kulowera kumtsinje.