Momwe ndimatsekera boiler yoopsa m'nyumba ya munthu kuno ku England

M'mwezi wa Januwale kuno, kuuza munthu kuti boiler yake, makina a gasi otenthetsa nyumba ndi madzi, ndikuitseka n'kumuuza kuti usiku uno agona m'nyumba yozizira, ndipo mawa ana asamba madzi a m'ketulo. Mawu amenewa sindiwatulutsa mwachisawawa. Komabe pali masiku ena omwe kuwameza n'kusiya banja lonse likupuma poizoni. Nayi njira yomwe ndimayenda, kuyambira pakhomo mpaka potseka gasi, kuti mwini nyumba adziwe zoyenera kuyembekezera komanso zoyenera kukana.

Ndikagogoda, ndimayamba ndaonetsa khadi langa la Gas Safe Register, kaundula wa amisiri ololedwa kugwira ntchito za gasi, amene analowa m'malo mwa wakale wotchedwa CORGI mu 2009. Kutsogolo kuli chithunzi ndi nambala ya laisensi, kumbuyo kuli mndandanda wa ntchito zomwe ndaloledwa kugwira. Tembenuzani khadilo muone, chifukwa wina amaloledwa kukonza ma cooker okha, osati boiler. Kenako ndimafunsa mafunso ndisanatsegule bokosi la zida: kodi alipo amene mutu ukumamuwawa, akumamva chizungulire, nseru kapena kufooka akakhala m'nyumba, koma n'kupeza bwino akatuluka? Kodi alamu ya carbon monoxide inalirapo? Mpweya wapoizoni umenewu ulibe fungo kapena mtundu, ndipo umagwira magazi mwamphamvu kuposa okosijeni nthawi zoposa 200, choncho mayankho amenewa amandiuza zambiri. Akandiuza kuti wina wakomoka kapena wagonekedwa m'chipatala chifukwa cha utsi, ndimangozimitsa, kutsegula mazenera, kutulutsa anthu ndi kuimbira a ngozi za gasi pa 0800 111 999. Sindimasula chilichonse pa boiler, popeza pamenepo pafunika kufufuzidwa ndipo ine ndingafufute umboni.

Ngati palibe wodwala, ndimayatsira analyser yanga, makina oyezera mpweya ndi utsi, panja, pa mpweya wabwino, kuti iwerenge okosijeni 20.9% ndi carbon monoxide 0. Ukaiyatsira m'khitchini momwe muli kale utsi, imatenga utsiwo ngati poyambira ndipo manambala onse otsatira amakhala abodza.

Pa mita ndimalumikiza geji n'kuyeza ngati gasi akuthawa m'mapaipi. Choyamba ndimaona ngati valavu yaikulu ikutseka bwino, pa mphamvu ya pakati pa 7 ndi 10 mbar (muyezo wa mphamvu ya gasi m'paipi) kwa mphindi imodzi. Kenako ndimakweza kufika pa 20 mbar, kudikira mphindi imodzi kuti gasi akhazikike, n'kuyang'ana geji kwa mphindi ziwiri. Ikatsika kupitirira malire ololedwa, kapena ikatsika pang'ono pomwe m'nyumba mukumveka fungo la gasi, ndiye kuti pali podontha poyenera kupezedwa.

Pa boiler penipeni maso amayamba, makina amabwera pambuyo. Mwaye pakhoma pamwamba pake, utoto wosanduka wachikasu chifukwa cha kutentha, lawi lachikasu lomwe likugwedezeka m'malo mwa la buluu lokhazikika, dzimbiri kapena madontho oyera pa mfundo za flue, paipi ija yotulutsira utsi panja: zonsezi zimandiuza koyang'ana. Malamulo a gasi a 1998 amandilamula kuona zinthu zinayi pa chipangizo chilichonse chomwe ndagwira: ngati flue ikugwira ntchito, ngati mpweya woyakira ukulowa wokwanira, ngati gasi akufika pa mphamvu yoyenera, ndi ngati chipangizocho chikuyenda mosaopsa.

Ma boiler akale otenga mpweya m'chipinda momwe ali ndi amene amandidetsa nkhawa kwambiri. Amafuna chiboo cha mpweya pakhoma, kukula kwake 5 cm² pa kW iliyonse ya mphamvu ya boiler yopitirira 7 kW. Chiboo chimenechi chimalowetsa mphepo yozizira, ndiye anthu amachimata ndi katoni ndi selotepi, kapena kukankhirapo kabati. Sindimawaweruza, kuzizira kwa kuno n'kopweteka. Koma moto ukasowa mpweya umayamba kupanga carbon monoxide, ndipo chumuni chimalephera kukoka. Ndimayatsa kachibulumwa kotulutsa utsi pansi pa flue n'kutuluka panja kukaona ngati utsi wonse ukutulukira pa chumuni chimodzi choyenera, n'kukweranso kudenga kuona ngati sukutulukira m'njira. Kenako ndimatseka zitseko ndi mazenera, kuyatsa boiler kwa mphindi zisanu, n'kuyandikiza kamtengo ka machesi otulutsa utsi pomwe flue imayambira. Utsiwo uyenera kukokedwa kulowa m'kati. Ukabwerera kumaso kwanga, ndimapatsa chumuni mphindi zina khumi kuti chitenthe, n'kuyesanso. Ndimabwereza fani ya m'khitchini ndi ya kubafa zili zoyatsa, chifukwa fani yamphamvu imatha kukoka utsi kuubweza m'nyumba.

Ma boiler atsopano otsekeka amatenga mpweya panja kudzera m'paipi ya mbali ziwiri, yam'kati yotulutsa utsi, yakunja yolowetsa mpweya. Ndimalowetsa analyser pa kabowo ka mpweya wolowa, ndipo okosijeni ayenera kukhala 20.6% kapena kuposa. Akatsika, utsi ukusakanikira ndi mpweya, nthawi zambiri chifukwa labala ya pa mfundo yauma kapena paipi yam'kati yaguluka. Pa kabowo ka utsi ndimayang'ana kuti carbon monoxide isapitirire 350 ppm (magawo 350 pa miliyoni), ndipo chiwerengero chake poyerekeza ndi carbon dioxide chisapitirire 0.004, pokhapokha buku la opanga boiler litanena zina. Manambala akakwera, sindithamangira kutseka. Ndimatsuka burner yomwe moto umayakira, kuona heat exchanger yomwe imatenthetsa madzi, kuchotsa zinyalala m'kabotolo ka condensate, madzi ochokera mu utsi, kuyeza gasi wolowa, n'kuyesanso. Ndondomeko yathu imanena poyera kuti chomwe chingakonzedwe pomwepo, mwini wake atalola, chikonzedwe. Kutseka kumabwera kukonza kukakanika.

Kukakanika, ndondomeko yathu ya zinthu zoopsa, yotchedwa IGEM/G/11, imandipatsa magulu awiri okha. Loyamba ndi Immediately Dangerous, kutanthauza kuti chipangizo chikapitiriza kuyaka kapena kulumikizidwa ku gasi, moyo kapena nyumba zili pangozi pompano. Utsi wobwerera m'chipinda, flue yoguluka m'nyumba, gasi wodontha kupitirira malire, zonsezi zili apa. Lachiwiri ndi At Risk: pali vuto lomwe lingadzabweretse ngozi, ngakhale lero manambala ali bwino. Chitsanzo ndi chiboo cha mpweya chochepa, kapena flue yodutsa m'kati mwa siling'i popanda tizitseko toyang'anira. Kuyambira pa 1 Januwale 2013, flue yotere yomwe sindingathe kuiona mfundo zake imagwera m'gulu limeneli.

Apa m'pomwe chilungamo cha mmisiri chimayesedwa. Boiler ya zaka makumi awiri siili m'gulu lililonse chifukwa cha ukalamba wake. Yoikidwa motsatira malamulo akale, koma ikuyaka bwino ndi kutulutsa utsi bwino, siyoopsa. Amene amamata chikwangwani pa boiler yotere kuti agulitse yatsopano akubera munthu, ndipo akuwonongeranso tonsefe, chifukwa tsiku lomwe chikwangwanicho chidzakhale choona anthu sadzachikhulupirira. Mbali inayo ndi yoopsa kuposa: kuona agogo akunjenjemera, n'kulemba At Risk pomwe waona ndi maso ako utsi ukubwerera. Chifundo chotere chimapha. Gulu limachokera pa zomwe ndayeza, osati pa nkhope ya mwini nyumba kapena pa ndalama zomwe ndingapeze.

Ndisananene chigamulo, ndimaitana mwini nyumba kuti adzaone yekha. Ndimayatsanso kamtengo kaja iye ali pambali panga. "Mayi, taonani utsi uwu. Umayenera kulowa umu n'kukwera kumwamba, koma ukubwerera kuno komwe tili. Umenewu ndi womwe mukupuma boiler ikayaka." Ndimaonetsanso manambala pa analyser, kujambula zithunzi, n'kusindikiza kapepala ka zotsatira kuti kakhale kawo. Sindinena za maliro kapena kuwaopseza ndi nkhani za anthu ena. Zomwe aona n'zokwanira.

Anthu ambiri sadziwa kuti ine ndilibe mphamvu yodula gasi m'nyumba mwawo popanda chilolezo. Ndimapempha. Akalola, pa Immediately Dangerous ndimamasula paipi ya gasi yopita ku boiler n'kuitseka ndi chotsekera chachitsulo, kuti isayake ngakhale wina atatembenuza valavu, kenako n'kuyezanso pa mita kuona kuti pomwe ndatseka sipakudontha. Pa At Risk ndimangozimitsa ndi kutseka valavu yake, osamasula paipi. Pa zonse ziwiri ndimamangirira chikwangwani cholembedwa kuti Danger Do Not Use, ndi kulemba chikalata cha chenjezo chonena vuto, gulu lake ndi zomwe ndachita. Mwini nyumba amasaina, kope imodzi imatsala naye, ina ndimasunga. Ngati ali pa lendi, ndimadziwitsanso alandilodi.

Akakana, sindikangana nawo kapena kutseka mobisa. Ndimati: "Bambo, nyumba ndi yanu ndipo sindingakukakamizeni. Koma lamulo limaletsa kugwiritsa ntchito chipangizo cha gasi chomwe mwauzidwa kuti n'choopsa, ndipo ine ndiyenera kuimbira a gasi pompano muli pomwepa." Pa Immediately Dangerous ndimaimbadi pa 0800 111 999, kutenga nambala ya lipoti n'kuilemba pa chikalata. Makampani oyendetsa mapaipi a gasi, monga Cadent, SGN, Northern Gas Networks ndi Wales & West Utilities, ali ndi mphamvu ya lamulo yolowa m'nyumba ndi kudula gasi. Ndimawauziratu kuti iwowo akabwera akhoza kutseka pa mita, ndiye cooker nayonso izima, pomwe ine ndikanangotseka boiler yokha. Ichi si chiopsezo, ndi zoona zomwe ayenera kudziwa asanasankhe. Pa At Risk akakana, ndimalemba kuti akana n'kuwasiyira chenjezo. Ndipo ngati ngoziyo yabwera chifukwa cha ntchito yolakwika ya mmisiri wina, monga flue yosalumikizidwa bwino, malamulo a kanenedwe ka ngozi otchedwa RIDDOR amandipatsa masiku 14 kuti ndikanene ku Health and Safety Executive, bungwe la boma loona za chitetezo pa ntchito.

Nkhani ya ndalama ndimaisiyanitsa ndi ya kutseka. Sindipereka mtengo wa boiler yatsopano mpweya womwewo womwe ndanenera kuti yakale ndaitseka, pokhapokha atafunsa okha. Ndimalemba dzina la chitsulo cha mu boiler chomwe chawonongeka, ngati chikupezekabe, ndi mtengo wokonza. Ndimawauza kuti ali ndi ufulu woitana mmisiri wina aliyense wa Gas Safe kudzaona ndi kukonza, ndipo ngati akukayika chigamulo changa akhoza kudandaula ku Gas Safe Register. Munthu wozizira amasaina chilichonse, n'chifukwa chake sindimuika cholembera m'manja pa ola limenelo.

Ndisanachoke ndimafunsa kuti m'nyumbamo mukugona ndani. Ngati muli khanda, okalamba kapena wodwala mtima ndi chifuwa, chipinda chomwe amakhala chisatsike pansi pa madigiri 18. Hita yamagetsi ya 2 kW imakwanira chipinda chimodzi chotseka chitseko, koma ilumikizidwe pa soketi ya pakhoma, osati pa extension, ndipo pasayanikidwe zovala. Ngati pali thanki ya madzi otentha, ndimaonetsa switch ya immersion heater, hita yamagetsi ya m'kati mwa thankiyo, yomwe ambiri sadziwa n'komwe kuti ilipo. Ndimawauza kuti aimbire kampani yawo ya magetsi ndi gasi alembetse pa Priority Services Register, kaundula wa anthu ofunika thandizo lapadera, n'kwaulere. Kwa a pa lendi, lamulo la Landlord and Tenant Act 1985 limati kukonza zotenthetsera nyumba ndi madzi ndi udindo wa alandilodi, ndipo akazengereza pali ofesi ya zaumoyo ku khonsolo. Kuyambira pa 1 Okutobala 2022, alandilodi ku England ayeneranso kuika alamu ya carbon monoxide m'chipinda chomwe muli boiler.

Chenjezo limodzi ndimalinena kawiri, makamaka kwa ife ochokera kwathu omwe tinakula tikuotha mbaula: makala asalowe m'nyumba. Nyumba za kuno n'zotsekeka kwambiri, mazenera a magalasi awiri salowetsa mphepo, ndipo mbaula kapena chowotchera nyama chimatulutsabe carbon monoxide ngakhale makala atayamba kuzilala. Kuyatsa uvuni wa gasi n'kusiya chitseko chake chotsegula kuti mufunde nakonso n'koopsa chimodzimodzi.

Chitsulo chokonzera boiler chikafika, ndimabwerera msanga, ndipo nyumba zotsekeredwa ndimaziika patsogolo pa ntchito zina. Ndikakonza, ndimachotsa chotsekera, kulumikiza paipi, kuyeza pa mita, kutulutsa mpweya wotsalira m'mapaipi, n'kubwereza mayeso onse aja kuyambira pa flue mpaka pa analyser. Kapepala katsopano ndimakaika pambali pa kakale kuti mwini nyumba ayerekeze manambala. Alamu ndimaona kuti ndi ya muyezo wa BS EN 50291, kuti tsiku lake lothera ntchito silinadutse, ndipo ili pakati pa mita imodzi ndi mamita atatu kuchokera pa boiler, kenako ndimadina batani lake iwo akumva. Chikwangwani chija chimachoka pomaliza, ndipo ndimalemba pa chikalata tsiku ndi ola lomwe gasi wabwezeretsedwa.